Momwe mungakonzere firewall yomwe ili kale mu rauta ya pakhomo panu

Kabokosi kokhala ndi timagetsi tothwanima kamene kamalowetsa intaneti m'nyumba mwanu kali kale ndi firewall m'kati mwake, mlonda amene amaletsa uthenga wosaitanidwa wa pa intaneti kulowa m'nyumba. Kaya ndi rauta ya faiba, ya chingwe cha telefoni, kapena kaMiFi kolowetsamo SIM khadi, pafupifupi zonsezi zimabwera nayo. Choncho wofuna kuteteza makompyuta a pakhomo asathamangire kukagula chipangizo china. Ntchito yagona pa kutsimikizira kuti firewall imene ilipoyo ndi yoyatsa, ndi kutseka mipata imene opanga rauta, kampani ya intaneti kapena inu eni munatsegula osadziwa. Nthawi zambiri akuba a pa intaneti sachita kuthyola firewall ya mu rauta. Amangolowera pa khomo limene mwini nyumba anasiya pululu.

Zimene firewall imeneyi imachita

Uthenga uliwonse wa pa intaneti umayenda m'timapaketi. Paketi iliyonse imanyamula adiresi ya kumene yachokera, ya kumene ikupita, ndi nambala ya port. Port ili ngati chitseko chimodzi pa nyumba ya zitseko 65,535: masamba a pa intaneti amalowera pa 80 ndi 443, kugawana mafayilo kwa Windows pa 445, kuyendetsa kompyuta muli kutali pa 3389, ndipo Telnet, njira yakale yolamulira chipangizo muli kutali, pa 23.

Rauta imagwira ntchito ziwiri zimene anthu amakonda kuzisokoneza. Yoyamba ndi NAT. Nyumba yonse imaonekera kunja ndi adiresi imodzi, pamene foni, laputopu ndi TV zimalandira maadiresi a m'kati oyamba ndi 192.168, kapena 10, kapena apakati pa 172.16 ndi 172.31. Maadiresi amenewa sayenda pa intaneti, kotero munthu wakunja sangaloze kompyuta yanu mwachindunji.

Yachiwiri ndi SPI, ndipo iyi ndiyo firewall yeniyeni. Laputopu yanu ikatsegula tsamba, rauta imalemba m'kaundula wake kuti chipangizo cha adiresi 192.168.1.20 chayankhula ndi seva yakutiyakuti pa port 443. Yankho likabwera, rauta imaliyerekeza ndi kaundulayo n'kulilola kudutsa. Paketi yobwera popanda woiitana sipezeka m'kaundula, choncho imatayidwa. Lamulo lake ndi limenelo basi: chotuluka chimaloledwa, cholowa chimaloledwa pokhapokha ngati chikuyankha chimene chinatuluka. Musaiwale mbali yoyamba ya lamuloli, chifukwa malire a chitetezo chonsechi ali pamenepo.

Musanayambe

Pezani laputopu, chingwe cha Ethernet, kawaya kopyapyala kothinira batani la Reset, ndi kope lolembamo. Patulani mphindi 45 pa nthawi imene a m'nyumba sakudalira intaneti, pakuti rauta idzazima n'kuyakanso kangapo. Tembenuzani rauta n'kuwerenga kapepala komatidwa kunsi kwake. Pamenepo pamakhala dzina la mtundu wake, nambala ya hardware version monga V2 kapena V3, adiresi yolowera, ndi dzina ndi pasiwedi za kufakitale. Lembani zonsezo.

Lumikizani laputopu ndi chingwe pa limodzi la mabowo olembedwa LAN (mbali ya m'nyumba), osati la WAN (mbali ya intaneti), limene kawirikawiri limakhala la mtundu wosiyana ndi anzake. Chingwe n'chofunika chifukwa mukamasintha zinthu za WiFi muli pa WiFi yomweyo, mumadzidula nokha ntchito ili pakati.

1. Lowani mu rauta

Pa Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, kenako ipconfig. Nambala imene ili pa mzere wa Default Gateway ndiyo adiresi ya rauta. Pa Linux lembani ip route. Pa Mac yang'anani mu System Settings, pa Network, pamene palembedwa Router. Kawirikawiri mudzapeza 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo timaMiFi tambiri ta Huawei timagwiritsa ntchito 192.168.8.1. Lembani nambalayo pa mzere wa adiresi pamwamba pa Chrome, Firefox kapena Edge, osati m'bokosi lofufuzira la Google. Mukaona chenjezo loti satifiketi ya tsambalo ndi yosadalirika, pitirirani; marauta ambiri amadzisainira okha satifiketi. Chilolezo chimenechi ndi cha adiresi ya rauta yanu yokha, osati masamba ena.

Pasiwedi ya pa kapepala ikakana, ndiye kuti wina anaisintha kale. Njira yotsala ndi kuthina batani la Reset kwa masekondi pafupifupi 10 rauta ili yoyaka, mpaka timagetsi titasintha. Koma dziwani kuti Reset imafufuta zonse, kuphatikizapo dzina ndi pasiwedi za PPPoE kapena APN zimene rauta imalumikizira nazo ku kampani ya intaneti. Ngati mulibe zimenezi, funsani kampaniyo musanathine, apo ayi mukhala ndi rauta yoyaka bwinobwino koma yopanda intaneti.

2. Sinthani pasiwedi yoyendetsera rauta

Iyi si pasiwedi ya WiFi. Ndi ya tsamba limene mwangolowali, ndipo amene ali nayo akhoza kuzimitsa firewall pongodina kamodzi. Imapezeka pansi pa Administration, System Tools kapena Management. Ikani ya zilembo zosachepera 14, yosafanana ndi ya WiFi, ndipo ngati rauta ikulola sinthaninso dzina lakuti admin.

Chifukwa chake chinaoneka poyera mu 2016. Pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inkangoyendayenda pa intaneti kugogoda pa port 23 ndi 2323, n'kumayesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60, monga admin ndi admin. Ndi kamndandanda kakafupi choncho inagwira marauta ndi makamera zikwi mazanamazana, ndipo mu October chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zinagwiritsidwa ntchito poukira kampani ya Dyn, moti Twitter ndi Netflix zinavuta kutsegula kwa maola angapo.

3. Ikani firmware yatsopano

Firmware ndi pulogalamu imene imayendetsa rauta, ndipo firewall ndi gawo lake. Ikakhala ndi chilema, zonse zimene mukonze pambuyo pake zaima pa mchenga. Pitani pa Firmware Upgrade kapena System Update. Ngati pali batani lofufuzira yatsopano, lidineni, ndipo yatsani Auto Update ngati ilipo. Ngati palibe, tengani fayilo pa webusayiti ya opanga rautayo, mukuonetsetsa kuti dzina la mtundu ndi hardware version zikufanana ndendende ndi za pa kapepala kaja. Fayilo ya V2 yoikidwa mu V3 ikhoza kupheratu rauta.

Ntchitoyi imatenga mphindi zitatu mpaka zisanu. Musazule chingwe, musatseke tsamba, ndipo ngati muli ndi UPS (batire yosunga magetsi akazima) lumikizani rauta pamenepo. Magetsi akazima firmware ili pakati polembedwa, rauta imatsala ndi theka la pulogalamu ndipo mwina siyakanso. Rauta yoperekedwa ndi kampani ya intaneti nthawi zambiri imalandira firmware kuchokera kwa iwo, ndiye mukhoza kupeza kuti gawoli ndi lobisika.

4. Yatsani firewall

Yang'anani pansi pa Security, Firewall kapena Advanced. Pamene palembedwa SPI Firewall sankhani Enable. Marauta ena amapereka milingo itatu, Low, Medium ndi High. Yambani ndi Medium. Pa marauta ena High imatsekanso zotuluka kupatula maport ochepa chabe, ndipo zotsatira zake ndi zakuti masamba amatseguka bwino koma kuyimba kwa vidiyo, masewera ndi mapulogalamu a imelo zimakana. Anthu ambiri akakumana ndi zimenezi amazimitsa firewall yonse chifukwa chotopa, pamene kunali kokwanira kutsitsa mlingo umodzi.

Kenako funani firewall ya IPv6 (mtundu watsopano wa maadiresi a pa intaneti; wakale, monga 192.168.1.20, ndi IPv4), imene kawirikawiri imakhala pa tsamba lakelake. Apa mpamene ambiri amaphonya. Pa IPv6 nthawi zambiri sipakhala NAT. Chipangizo chilichonse cha m'nyumba chimalandira adiresi yofikirika kuchokera kunja. Firewall ya IPv6 ikakhala yozima, kamera ndi laputopu zanu zili pa mbalambanda ngakhale mbali ya IPv4 mutaitseka bwino. Iyatseni, ndipo lamulo likhale lokana zolowa zosaitanidwa. Ngati rauta yanu ikupereka IPv6 koma ilibe firewall yake, ndi bwino kuzimitsa IPv6 mpaka mutapeza rauta ina. Musatseke ICMPv6 yonse (mauthenga amene zipangizo zimadziwitsana nawo za kayendedwe ka mapaketi), chifukwa IPv6 siyenda bwino popanda iyo.

Respond to Ping on WAN, imene imachititsa rauta kuyankha wofunsa kuchokera kunja ngati ilipo, mukhoza kuizimitsa. Phindu lake ndi lochepa, koma siwononga kanthu.

5. Tsekani makomo otsegula

Gawo ili ndilo lalikulu, ndipo muliyende mosathamanga.

Remote Management, imene ena amailemba Web Access from WAN, imalola kuti tsamba loyendetsera rauta litsegulidwe kuchokera pa intaneti, nthawi zambiri pa port 80, 443, 8080 kapena 8443. Izimitseni. Pa tsamba lomwelo zimitsaninso Telnet ndi SSH (njira inanso yolamulira rauta muli kutali) ku mbali ya WAN. Telnet izimitseni ngakhale ku mbali ya LAN, pakuti imatumiza pasiwedi yosabisa.

Mukaona TR-069 kapena CWMP, imeneyo ndi njira imene kampani ya intaneti imakonzera rauta yanu ili kutali, pa port 7547. Mu November 2016 anthu ena anayesa kulowera pa port imeneyi, ndipo marauta pafupifupi 900,000 a makasitomala a Deutsche Telekom ku Germany analeka kugwira ntchito. Ngati rauta munagula nokha ndipo kampani yanu siiyendetsa, zimitsani TR-069. Ngati ndi ya kampaniyo, isiyeni, chifukwa firmware yatsopano imadzera momwemo.

UPnP ndi khomo loopsa chifukwa limatseguka lokha. Ntchito yake ndi kulola chipangizo cha m'nyumba kupempha rauta kuti itsegule port, ndipo rauta imavomera osafunsa pasiwedi. Masewera a PlayStation ndi Xbox amaidalira, koma kamera yotsika mtengo kapena kachilombo ka pa kompyuta kakhoza kupempha chimodzimodzi, rauta n'kuvomeranso. Musanaizimitse, werengani mndandanda wa maport amene UPnP yatsegula kale. Muona adiresi ya chipangizo chopempha ndi nambala ya port. Mukapeza mzere umene simukuudziwa, fufuzani chipangizo cha adiresiyo. Kenako zimitsani UPnP pamodzi ndi NAT-PMP ngati ilipo, n'kuyatsanso rauta kuti mndandandawo ufufutike. Masewera akayamba kudandaula za NAT ya mtundu wa Strict, tsegulani pamanja maport amene opanga masewerawo amatchula, kwa chipangizo chimenecho chokha.

DMZ ya pa rauta ya pakhomo imatumiza zolowa zonse zosaitanidwa ku chipangizo chimodzi. Kuika kompyuta pamenepo n'chimodzimodzi kuitulutsa kunja kwa mpanda. Kawirikawiri imayatsidwa ndi munthu amene ankalimbana ndi vuto la masewera kapena makamera, kenako n'kuiwalika. Vuto linanso ndi lakuti adiresi ya m'kati imasinthasintha: imene inali ya PlayStation chaka chatha lero ikhoza kukhala ya laputopu ya ku ntchito. Zimitsani DMZ.

Pa Port Forwarding kapena Virtual Servers fufutani mzere uliwonse umene simukudziwa ntchito yake. Maport atatu asatsegulidwe konse: 23, 445 ndi 3389. Port 445 ndiyo imene kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa WannaCry kanadzera mu May 2017, ndipo 3389 ikakhala yotsegula imagogodedwa usana ndi usiku ndi makina oyesa mapasiwedi. Ngati pali port yoyeneradi kutsegula, yambani ndi kumangirira adiresi ya chipangizocho pa Address Reservation kapena DHCP Reservation kuti isasinthe. Mukatero tsegulani port imodziyo, sankhani TCP kapena UDP malinga ndi chofunikacho osati Both, ndipo lembani m'kope chifukwa chake ndi tsiku. Wofuna kufikira mafayilo kapena makamera a pakhomo ali kutali achite bwino kugwiritsa ntchito VPN (njira yobisika yolumikizira ku netiweki muli kutali) ya mu rauta ngati ilimo, monga WireGuard kapena OpenVPN. WireGuard kawirikawiri imadzera pa UDP 51820, OpenVPN pa UDP 1194. Port imodzi yotetezedwa ndi makiyi imalowa m'malo mwa maport asanu otsegula.

Ngati rauta ili ndi bowo la USB, onaninso kuti FTP ndi kugawana mafayilo sizinaloledwe ku mbali ya intaneti.

6. Khomo la kuseri: WiFi

Firewall imayang'ana ku mbali ya WAN. Munthu amene walowa pa WiFi yanu ali kale m'kati mwa mpanda, ndipo firewall simuona. Sankhani WPA3 ngati zipangizo zanu zikuilandira, kapena WPA2 ya AES. WEP ndi TKIP ndi zakale zothyoka, musazisankhe ngakhale chipangizo china chakale chitakana kulumikiza.

Zimitsani WPS, njira yachidule yolumikizira pa WiFi ndi batani kapena nambala m'malo mwa pasiwedi. Nambala yake ili ndi manambala 8, zimene zimaoneka zambiri, koma mu December 2011 Stefan Viehböck anaonetsa kuti rauta imatsimikizira theka loyamba palokha ndi lachiwiri palokha, ndipo nambala yomaliza ndi yongowerengetsera. Choncho kuyesa maulendo 11,000 kumakwanira, ndipo wopambana amalandira pasiwedi ya WiFi ngakhale italika bwanji.

Tsegulani Guest Network n'kuzimitsa chilolezo chake chofikira netiweki ya m'nyumba, chimene chimalembedwa Allow Access to Local Network kapena Access Intranet. Alendo alowere pamenepo, koma ikaniponso TV, makamera ndi mababu olumikiza pa intaneti. Zipangizo zoterezi sizilandira firmware yatsopano pafupipafupi, ndipo chimodzi chikagwidwa chisakhale pa netiweki imodzi ndi kompyuta imene mumalowera ku banki. Chovuta chake ndi chakuti foni imene ili pa netiweki yaikulu mwina siitha kuponya vidiyo pa TV imene ili pa ya alendo. Apa muyenera kusankha nokha chimene chili chofunika.

7. Yesani kuchokera kunja

Zimitsani VPN ngati muli nayo pa laputopu. Pa tsamba la Status la rauta werengani WAN IP, kenako fufuzani pa intaneti adiresi imene mukuonekera nayo kunja. Zikafanana, rauta yanu ndiyo ikuyang'anana ndi intaneti mwachindunji. WAN IP ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, muli kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti kampani ya intaneti ikugawa adiresi imodzi kwa makasitomala ambiri. Zimenezi n'zofala pa intaneti ya SIM khadi. Port forwarding sigwira ntchito kuseri kwa CGNAT, ndipo mayeso a kunja amayesa makina a kampaniyo, osati rauta yanu. WAN IP ikayamba ndi 192.168, kawirikawiri ndiye kuti pali marauta awiri motsatizana. Ikani ya kampani pa Bridge Mode kuti yanu igwire ntchito yonse, kapena konzani zonse ziwiri motsatira ndondomeko ino.

Kwa amene adiresi zafanana, ShieldsUP ya pa grc.com imayesa maport kuchokera kunja. Sankhani All Service Ports, imene imayesa maport 1,056 oyambirira. Kabokosi kobiriwira ndi Stealth, kutanthauza kuti rauta sinayankhe n'komwe. Kabuluu ndi Closed: yayankha koma yakana, ndipo zimenezo si zoopsa. Kofiira ndi Open, ndipo kameneko ndiko kofunika kukatsatira. Maport apamwamba monga 3389, 7547 ndi 8080 sali m'gulu limeneli, choncho ayeseni padera pa User Specified Custom Port Probe. Port yotsegula imene simukuipeza pa tsamba lililonse la rauta nthawi zambiri imakhala ya kampani ya intaneti. Afunseni ntchito yake.

8. Zimene rauta singakuchitireni

Kumbukirani lamulo lija: chotuluka chimaloledwa. Mukadina linki yachinyengo kapena kutsegula fayilo yoipa, kompyuta yanu ndiyo yaitana, ndipo rauta ilola yankho kulowa. Kachilombo kakalowa, kamalankhula ndi eni ake pa port 443 ngati tsamba wamba. Komanso makompyuta awiri a pa LAN imodzi amalankhulana osadutsa pa firewall ya rauta, n'chifukwa chake WannaCry ikangolowa pa kompyuta imodzi inkafalikira kwa zinzake za m'netiweki yomweyo.

Choncho firewall ya pa kompyuta ikhale yoyaka. Pa Windows tsegulani Windows Security, pitani pa Firewall & network protection, n'kuona kuti mbali zonse zitatu ndi zoyatsa. Netiweki ya pakhomo ikhale Private pokhapokha ngati mumagawana printa kapena mafayilo. Kwina kulikonse ikhale Public. Pa Mac firewall imapezeka pa Network mu System Settings, ndipo nthawi zambiri imabwera yozima. Ma firewall awiriwa salimbana. Laputopu ikachoka pakhomo imasiya ya rauta kumbuyo, n'kutsala ndi yake yokha.

Mukamaliza

Pitani pa Backup & Restore n'kusunga fayilo ya zonse mwakonzazi. Muli mapasiwedi m'fayiloyo, ndiye isakhale pa malo ofikira aliyense. Konzani nthawi ya rauta pa Time Settings kuti System Log izilemba maola olondola. Mu log mudzaona mizere yambirimbiri ya mapaketi okanidwa kuchokera ku maadiresi achilendo. Musadandaule nayo; ndi makina ogogoda pa adiresi iliyonse ya pa intaneti, ndipo mizereyo ikusonyeza kuti firewall ikukana. Zofunika kuchitapo kanthu ndi izi: kulowa pa tsamba la admin pa nthawi imene simunalowe, port forwarding imene simunaike, chipangizo chachilendo pa mndandanda wa DHCP (wa zipangizo zimene rauta yazipatsa adiresi), ndi maadiresi a DNS (maseva amene amasandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi) amene asintha okha. Chomalizachi n'choopsa kwambiri, chifukwa DNS yosinthidwa imakutumizani ku tsamba labodza la banki ngakhale mutalemba adiresi yolondola. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, chitani Reset, ikaninso firmware, ndipo konzani zonse pamanja ndi mapasiwedi atsopano. Musabwezeretse fayilo yosungidwa ngati simukutsimikiza kuti munaisunga vutolo lisanayambe.

Miyezi itatu iliyonse lowaninso n'kuona firmware, mndandanda wa maport ndi DNS. Onaninso pa webusayiti ya opanga ngati mtundu wa rauta yanu waikidwa pa mndandanda wa End of Life. Ikakhala pamenepo sidzalandiranso firmware, ndipo chilema chilichonse chopezeka mtsogolo chidzakhala chosakonzedwa. Pogula ina, funani yotchula SPI ya IPv4 ndi IPv6, WPA3, Guest Network yopatula zipangizo, ndi firmware yodziika yokha. Yakaleyo ichiteni Reset musanaitaye kapena kupatsa wina, chifukwa pasiwedi ya WiFi ndi ya PPPoE zimatsalira m'kati mwake.